Amene Amaphunzirira Panja: Zosankha za Mphunzitsi Wamkulu ku Dedza

Masukulu ambiri a pulayimale a m'boma la Dedza, monganso a m'maboma ena m'dziko muno, ali ndi ana ochuluka kuposa zipinda zophunziriramo, ndipo n'chifukwa chake chaka cha maphunziro chikamayamba m'mwezi wa Seputembala mphunzitsi wamkulu amakumana ndi funso limene sangalizembe, lakuti ndi kalasi iti imene ilowe m'chipinda ndipo ndi iti imene ikhale pansi pa mtengo kapena m'chisakasa cha udzu. Funsoli kawirikawiri silifika pamsonkhano uliwonse, pakuti chizolowezi chimakhala chitaliyankha kale, koma kumtunda kwa Dedza yankho lake limamveka m'thupi. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi, pamodzi ndi chifunga chimene chimachedwa kuyera kumadera monga Bembeke, sichilola mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene wakhala pa dothi kuika mtima pa zilembo za pa bolodi. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, kalasi ya panja imaweruka nthawi iliyonse imene kwachita mdima, ngakhale belu lisanalire. Choncho amene wasankha kalasi yokhala panja wasankhiratu, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ana amene ataye maola ambiri a maphunziro chaka chimenecho.

Akatswiri a za kayendetsedwe ka maphunziro amasiyanitsa ntchito ziwiri zimene zimakhala m'manja mwa munthu mmodzi yemweyo. Yoyamba ndi yoyendetsa sukulu tsiku ndi tsiku, monga kuona kuti aphunzitsi asaina m'buku la nthawi, makalata a ku ofesi ya maphunziro ayankhidwa ndiponso choko chilipo. Yachiwiri, imene amaitcha utsogoleri woyang'ana patali, ndi yozindikira chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene zikulepheretsa ana kuphunzira pa sukulupo, n'kusonkhanitsira pamenepo aphunzitsi, nthawi, ndalama ndi mphamvu za anthu a m'midzi kwa zaka zingapo zotsatizana, ngakhale zitachititsa kuti zinthu zina zabwino ziyambe zadikira. Kenneth Leithwood ndi anzake, m'kafukufuku amene anatuluka mu 2004, ananena kuti pa zinthu zonse za pa sukulu zimene zimakhudza kuphunzira kwa mwana, utsogoleri umaposedwa ndi kaphunzitsidwe ka m'kalasi kokha, ndipo Viviane Robinson wa ku New Zealand anaonetsa mu 2008 kuti atsogoleri amene amapindulitsa ana kwambiri ndi amene amayandikira ntchito yeniyeni ya kuphunzitsa. Zimenezi zinalembedwa poyang'ana masukulu a m'mayiko olemera, kumene mtsogoleri amasankha pakati pa zinthu zabwino zingapo. Ku Dedza mtsogoleri amasankha amene kusowa kumugwere, ndipo kwa zaka zambiri kusowako kwakhala kukugwera ana aang'ono koposa, popanda munthu amene anakhalapo pansi n'kugamula kuti zikhale choncho.

Gwero la kuchepa kwa zipinda ndi aphunzitsi n'lodziwika. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, zimene zinakakamiza boma kulemba ntchito aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzitsidwa, amene pambuyo pake anasulidwa ali pantchito kudzera m'pulogalamu ya MIITEP. Chitseko chinatsegukira ana a anthu osauka, ndipo palibe woganiza bwino amene angadandaule nazo, koma midadada, mabuku ndi nyumba za aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo. Boma la Dedza, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 830,000, limayambira m'malire a Mozambique kumtunda n'kutsetserekera ku Golomoti ndi Mtakataka kufupi ndi nyanja, ndipo aphunzitsi ake sagawika mofanana, chifukwa ambiri amalimbira masukulu a m'mbali mwa msewu wa M1 ndi a pafupi ndi misika, kumene kuli magetsi, chipatala ndi nyumba za lendi. Mlingo wa boma wa ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi ungakwanire pa sukulu ya m'tawuni, koma pa sukulu ya kuseri kwa phiri, ya m'zoni yomweyo, n'kukhala loto chabe.

Mphunzitsi wamkulu salemba aphunzitsi ntchito, sawalipira, ndipo mphunzitsi wojomba sangamuchotse, koma kungomulembera lipoti. Silabasi ndi mabuku zimakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso ali m'manja mwa bungwe la MANEB ku Zomba, pamene kusamutsa aphunzitsi kuli ku ofesi ya maphunziro ya ku khonsolo, kumene mphamvu zina zinatsitsidwira potsatira lamulo la maboma aang'ono la 1998. Iye mwini kawirikawiri ndi mphunzitsi wa m'kalasi amene tsiku lina anangouzidwa kuti atenge makiyi a ofesi, osapatsidwa maphunziro apadera a utsogoleri. Dandaulo lakuti ahedi alibe mphamvu lili ndi choonadi chake, koma limaphimba zimene zatsala m'manja mwawo, pakuti ndi iwo amene amagawa aphunzitsi m'makalasi, amagawa zipinda ndi madesiki, amakonza ndandanda ya maphunziro, amasunga makiyi a kabati ya mabuku, ndiponso amakhala pansi ndi komiti ya sukulu pokambirana za ndalama zimene boma limatumiza. Mphamvu zimenezi n'zochepa, komabe ndi zimene zimagamula kuti mwana wa sitandade 1 aziphunzirira kuti, ndi mphunzitsi uti, kwa maola angati, ali ndi buku m'manja kapena ayi.

Pa masukulu ambiri kagawidwe kameneka kamapendekera kumtunda. Sitandade 8 imapatsidwa chipinda chabwino koposa, madesiki ochepa amene alipo, ndiponso aphunzitsi atatu kapena anayi ogawana maphunziro, wina masamu, wina Chingerezi, wina sayansi, kotero kuti aliyense amaima kutsogolo kwa kalasi nthawi yochepa pa tsiku, pamene sitandade 1, imene ingakhale ndi ana oposa 100, imasiyidwira mphunzitsi mmodzi kuti alimbane nayo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Chifukwa chake sichisowa. Mayeso a sitandade 8 ndi khomo la ku sekondale, ndipo ku Dedza nkhani ya kusankhidwa ili ndi mbiri yake, popeza Dedza Government Secondary School, imene inatsegulidwa mu 1951 ndipo anthu amaidziwa ndi dzina lakuti Box 48, inali sekondale yoyamba ya boma m'dziko la Nyasaland, kutsatira Blantyre Secondary School ya 1940 ndi Zomba Catholic ya 1942. Mwana akasankhidwira kumeneko, kapena ku sekondale ina yogonera komweko, mbiri yake imafika m'midzi yonse yozungulira, ndipo makolo, mafumu ngakhale akuluakulu a maphunziro amayeza sukulu ndi chiwerengero cha ana osankhidwa. Mphunzitsi wa sitandade 2 amene ana ake onse akuwerenga pofika mu Julayi palibe amamuimbira nthungululu, chifukwa ntchito yake ilibe tsiku lolengezedwa pa wailesi. Pakati pa aphunzitsi eni ake palinso maganizo akuti kuphunzitsa makalasi akumtunda ndi ulemu, ndipo amene watsitsidwira ku sitandade 1 amayamba kufunsa chimene walakwa.

Mtengo wa chizolowezi chimenechi umaoneka m'ziwerengero za dziko lonse. Kafukufuku wa MICS, amene National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020, anapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa, ndipo 13 okha ndi amene anali ndi luso loyambira la masamu. Njira imene zimenezi zimachitikira ndi yoyenera kuilondola bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwana amene watha chaka pakati pa anzake 120 osadziwa kulumikiza zilembo amabwereza kalasi, ndipo akabwereza amakumana ndi ana atsopano amene angolembetsa kumene, kotero kuti kalasi imene inali yodzaza kale imasefukira, ndipo chaka chotsatira obwereza amachuluka kuposa poyamba. Wobwereza kawiri kapena katatu amakula ali m'makalasi apansi. Mtsikana amatha msinkhu ali mu sitandade 4, mnyamata amayamba kuona kuti ganyu wa m'dimba ali ndi phindu looneka kuposa kukhala pakati pa tiana, ndipo amene apirira mpaka sitandade 5 amapeza kuti maphunziro asinthira m'Chingerezi pamene iwo Chichewa chimene sanachigwire bwino powerenga. Ambiri amasiyira pamenepo. Sitandade 8 imakhala yaing'ono chifukwa cha ana amene anatayika m'njira, ndipo kalasi yaing'ono yosefedwa chotero, yokhala ndi aphunzitsi anayi, imakhoza bwino mayeso, sukulu n'kutamandidwa. Ndiye kuti zotsatira zabwino za mayeso zingathe kukhala umboni wa kaphunzitsidwe kabwino, koma zingathenso kukhala umboni wakuti ofooka onse anachoka kale, ndipo pepala la zotsatira silinena kuti n'chiti mwa ziwirizi chimene chachitika. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, koma sukulu yakhala ikuyezedwa ndi ngala zochepa zimene zafika pa nkhokwe.

Mtsogoleri woganiza patali amayamba ndi kuwerenga kumene ena sawerenga, ndiko kuyerekeza ana amene analembetsa sitandade 1 zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndi amene akulemba mayeso chaka chino, ndipo akaona kukula kwa mpatawo amadziwa kumene ayenera kuika mphunzitsi wake waluso koposa. Zina zimene angachite sizilira ndalama konse. Popeza ana a sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga kuposa akuluakulu, n'zotheka kuwapatsa zipinda m'mawa, pamene kukuzizira, ana a makalasi akumtunda n'kuyambira panja kapena kuyamba mochedwerapo, kenaka n'kulowa aang'onowo akatuluka. N'zothekanso kugawa sitandade 1 pawiri pochotsa mphunzitsi mmodzi kumtunda, ngakhale kutero kumafuna kuti mphunzitsi wamkulu athe kupirira nkhope zokwinya m'chipinda cha aphunzitsi kwa teremu yathunthu, ndipo ena amachepetsa mkwiyowo potenga iwo eni phunziro limodzi la ku sitandade 1. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga m'makalasi a sitandade 1 mpaka 4, imene inayamba mu 2016, inabweretsa mabuku ambiri, koma buku limene latsekeredwa m'kabati poopa kuti ana aling'amba, kapena poopa kufunsidwa likasowa, silinaphunzitsepo munthu kuwerenga. Kulola kuti mabuku azipita kunyumba, podziwa kuti ena adzanyowa ndi mvula, ndi chosankha cha utsogoleri, ndipo mphunzitsi wamkulu amene wachipanga ayenera kukhala wokonzeka kuchiteteza pamaso pa woyendera sukulu.

Pa nkhani ya ndalama, kusintha kwakukulu kunabwera ndi pulogalamu ya PSIP, imene inayamba mu 2010 n'kufalikira m'maboma onse m'zaka zotsatira. M'dongosolo limeneli sukulu iliyonse imalemba pulani yake ya chitukuko mothandizana ndi komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, gulu la amayi, mafumu ndiponso ana ena, ndipo imalandira mu akaunti yake ya kubanki ndalama zimene anthu amangozitchula kuti SIG, zimene m'zaka zoyambirira zinkayambira pa K600,000 pa sukulu. Malangizo anagawa ndalamazo patatu: gawo la zothandiza kuti ana onse apeze mwayi wa sukulu mosasiyanitsa, gawo la zokweza kaphunzitsidwe, ndi magawo 10 pa 100 a kayendetsedwe ka sukulu. Ganizo lake linali labwino, lakuti anthu amene ali pafupi ndi vuto ndiwo amalidziwa, koma pulani yolembedwa pamsonkhano wa anthu ambiri imakonda kusanduka mndandanda wa zofuna za aliyense, pamene mfumu ikufuna mpanda, aphunzitsi akufuna mipando ya mu ofesi, makolo akufuna yunifolomu ya timu ya mpira, ndipo pofuna kuti pasapezeke wokhumudwa ndalama zochepazo zimagawidwa tizidutswa timene sitimaliza kanthu. Pamwamba pa izi ndalamazo nthawi zambiri zimafika mochedwa, ndipo kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023 kunachititsa kuti simenti ndi malata zimene pulani inawerengera zisagulikenso pa mtengo womwewo. Pulani imene ili ndi cholinga imadziwika ndi zimene yakana. Ikanena kuti chaka chino cholinga ndi chakuti ana a sitandade 2 azitha kuwerenga, ndiye kuti ndalama zipita kwa mphunzitsi wothandizira, ku denga la chisakasa cha ana aang'ono ndi ku mapepala olembapo mawu, ndipo mpanda udikira. Ntchito yovuta ya mphunzitsi wamkulu ndi kunena zimenezi pamaso pa a gulupu mwaulemu, ndi zifukwa zomveka, mpaka iwo atavomera kuti ganizolo ndi lawonso.

Pali umboni wakuti luso lotere limaphunzitsika. Pulojekiti ya MESIP, imene inayamba mu 2016 ndi ndalama za Global Partnership for Education kudzera ku World Bank, ndipo Dedza inali limodzi mwa maboma asanu ndi atatu amene anaikidwa patsogolo, inali ndi gawo lophunzitsa utsogoleri kwa aphunzitsi aakulu, achiwiri awo ndiponso alangizi a maphunziro a m'mazoni, amene anthu amawatchula kuti a PEA. Maphunzirowo anagona pa kugwiritsa bwino ntchito zochepa zimene sukulu ili nazo, kulimbikitsa aphunzitsi, ndi kudzala chikhulupiriro chakuti mwana aliyense angathe kuphunzira. Salman Asim, Stefan Dercon ndi anzawo atayerekeza masukulu amene atsogoleri ake anaphunzitsidwa ndi amene sanaphunzitsidwe, analemba mu 2024 kuti ana a m'masukulu oyambawo anapita patsogolo mofanana ndi kuphunzira milungu ina pafupifupi isanu ndi itatu, ndipo ambiri anakwera kalasi m'malo mobwereza. Phindu lalikulu linachokera ku makalasi apadera othandiza ana otsalira m'mbuyo, ndipo izi n'zopatsa maganizo, chifukwa zikusonyeza kuti chimene chinasintha ndi kumene sukulu inayang'ana: ola limene kale likanaperekedwa kwa ana anzeru okonzekera mayeso linaperekedwa kwa mwana amene sanathe kusiyanitsa zilembo. Milungu isanu ndi itatu si chozizwitsa, ndipo siingamange mdadada, koma inapezeka popanda kuwonjezera njerwa ngakhale imodzi.

Chitsanzo chodziwika koposa cha utsogoleri wa cholinga chimodzi m'boma la Dedza sichinachokere mu ofesi ya sukulu. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya usekeletale kwa zaka 27 pa koleji ina ku Zomba asanaitanidwe kwawo mu 2003 kuti akalowe ufumu, ndipo anamwalira mu 2025, anapeza dera lokhala ndi mavuto osawerengeka, koma anasankha limodzi, la maukwati a ana, n'kuikapo mphamvu zonse za mpando wawo. Anachititsa mafumu 50 a pansi pawo kusaina pangano loletsa maukwatiwo, anaimitsa pa udindo nyakwawa zimene zinkawalekerera mpaka zitawathetsa, anakhazikitsa amayi ndi abambo a m'midzi oti aziwatsina khutu mwana akachotsedwa pa sukulu, ndipo pofika 2016 zinkanenedwa kuti anali atathetsa maukwati oposa 850 m'zaka zitatu. Lamulo la dziko linabwera pambuyo, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha malamulo aakulu mu 2017 kuti munthu asakwatiwe asanakwanitse zaka 18. Chimene mphunzitsi wamkulu angatolepo apa si ukali wa mfumu, pakuti iye alibe nyakwawa yoti aiimitse, koma kachitidwe kake: cholinga chimodzi chonenedwa poyera, anthu odziwika amene ayankhepo chikalephereka, njira yomvera msanga zimene zikuchitika, ndiponso kusatopa kwa zaka zambiri. Ntchito ya mfumuyi ikuonetsanso malire a utsogoleri wa kunja kwa mpanda wa sukulu. Ndondomeko yolola atsikana obereka kubwerera ku sukulu yakhalapo kuyambira 1993, koma mtsikana wa zaka 15 amene wabwezedwa ku sitandade 5 asakutha kuwerenga, pa sukulu yopanda chimbudzi chabwino ndi chipinda chosinthira, sakhalitsa, ndipo mfumu ingamubweze kawiri koma singamuphunzitse. Chimene chinamukankhira ku ukwati nthawi zambiri chinayamba zaka zambiri m'mbuyomo, pansi pa mtengo uja.

Kujomba kwa ana nakonso kuli ndi kalendala yake, imene mtsogoleri watcheru angathe kuiwerenga m'kaundula wa m'kalasi. Kumtunda kwa Dedza ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba ndi tomato, ndipo nyengo yokumba mbatata, masiku a msika ku Bembeke, Chimbiya kapena Lizulu, ganyu wa kutsidya kwa malire ku Angonia, njala ya mu Januwale ndi Febuluwale ndiponso nyengo ya zinamwali zimachotsa ana m'kalasi pa nthawi zodziwika chaka ndi chaka. Sukulu imene yaona kuti ana amachepa tsiku la msika ili ndi nkhani yeniyeni yokakamba kwa mafumu, yosiyana ndi dandaulo wamba lakuti makolo a kuno safuna sukulu. Mbiri ya dera lino ikuchenjeza za dandaulo limeneli. Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ku Mua mu 1902, kenaka ku Bembeke, masukulu awo analimbana ndi nyau kwa zaka zambiri, monga Ian Linden ndi Matthew Schoffeleers analembera, chifukwa mbali iliyonse inkaona inzake ngati yolanda ana. Masiku ano m'midzi ina gule wamkulu yemweyo amatumidwa ndi mafumu kuti akatulutse ana m'nyumba n'kuwaperekeza ku sukulu, zimene zikusonyeza kuti mudzi umathandiza ukafunsidwa ngati mwini wake wa sukulu. Bungwe la Link Community Development, limene lagwira ntchito ndi ofesi ya maphunziro ya Dedza kwa zaka zambiri, linalimbikitsa zounika mmene sukulu ikuyendera n'kubweretsa zotsatira zake pabwalo, kuti makolo aone okha pamene pakudontha. Komabe kuthamangitsira mwana ku sukulu n'kopepuka poyerekeza ndi kumupatsa chifukwa chobwereranso mawa lake.

Vuto lina, limene silikambidwa kawirikawiri, ndi kuchuluka kwa othandiza. Kuyambira 2014 Dedza, pamodzi ndi Salima ndi Mangochi, inakhala m'pulogalamu ya maphunziro a atsikana ya mabungwe a UNICEF, WFP ndi UNFPA, yolipiridwa ndi dziko la Norway, imene mwa zina inabweretsa chakudya cha pa sukulu chogulidwa kwa alimi a m'deralo, ndipo aliyense amene anaonapo mmene phala limadzazira kalasi mu Febuluwale sangalipeputse. Koma pulojekiti iliyonse imabwera ndi mafomu ake, misonkhano yake ndi alendo ake, ndipo mphunzitsi wamkulu angathe kutha sabata akuwerengera matumba a ufa, kusaina malisiti ndi kupita ku maphunziro a ku malo osulirako aphunzitsi otchedwa TDC, osalowa m'kalasi ina iliyonse kukaona mmene mnzake akuphunzitsira. Amene ali ndi cholinga chake amalandira thandizolo n'kulikhotetsera kumene sukulu ikupita, ndipo ntchito zina amazipereka kwa wachiwiri wake ndi kwa komiti. Amene alibe amayendetsedwa ndi galimoto iliyonse imene yaima pabwalo.

Pali chotsutsa chimene sichiyenera kunyozedwa. Ana a sitandade 8 nawonso ndi ana a anthu, apirira zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo, malo a ku sekondale ndi ochepa, ndipo banja limene lagulitsa mbuzi kuti mwana afike pamenepo silingamvetse chifukwa chimene mphunzitsi wabwino wa masamu wachotsedwera m'chaka chomaliza. Palibe akunena kuti kalasi ya mayeso itayidwe. Chimene chikufunsidwa n'chakuti ngati aphunzitsi anayi a ana 40 atakhala atatu, kuti ana 120 akhale ndi awiri, otaya ataya zingati ndipo opindula apindula zingati, ndipo kuwerengera kumeneku kukachitika poyera yankho silikhala lovuta. Chovuta chenicheni ndi nthawi. Zipatso za mphunzitsi wabwino wa sitandade 1 zimaoneka pa mayeso patapita zaka zisanu ndi ziwiri, pamene mphunzitsi wamkulu angasamutsidwe patangotha zaka zitatu, n'kusiya mbiri yakuti m'nthawi yake ana osankhidwa anachepa, ulemu n'kudzapita kwa womulowa m'malo. Munthu sangadzudzulidwe kwambiri chifukwa chosafuna kudzala mtengo umene ena adzamunyoza nawo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi singasiyidwe pa mapewa a ahedi okha. Miyezo ya maphunziro imene Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa mu 2015, yokwana 26, imayang'ana zambiri kuposa mayeso, kuphatikizapo kuphunzira kwa ana m'kalasi, utsogoleri ndi mgwirizano ndi makolo, koma miyezo imakhala ndi mano pokhapokha amene amayendera sukulu akaigwiritsa ntchito. A PEA akamafika pa njinga yawo yamoto n'kuyamba ndi kufunsa za ana amene akhoza sitandade 8, ahedi amamva chimene chikufunika. Akamayamba ndi kupita ku sitandade 2, n'kutola ana khumi mwachisawawa kuti awerenge ndime imodzi, kenaka n'kufunsa amene amaphunzitsa kalasiyo ndi chifukwa chimene ili panja, ahedi amamvanso. Ofesi ya maphunziro ya ku khonsolo ili ndi mbali yake, yosiya mphunzitsi wamkulu pa sukulu imodzi nthawi yokwanira kuti ntchito yake ioneke, ndiponso yotumiza aphunzitsi atsopano, monga otuluka ku St Joseph's Teachers' Training College ku Bembeke, kumene kuli ana ambiri osati kumene kuli msewu wa tala.